CITUPA COSAONEKA

Akuluakulu a ku migodi akali kukumbukira citupa ca masiku a atsamunda. Pa citupa cija panalembedwa dzina la munthu, mudzi wace, mfumu yace ndi msonkho wace. Cinali cosautsa ndithu, komabe mwini wace anali kucisunga m'thumba, nadziwa zonse zolembedwapo.

Makono kuli citupa cina cimene mwini wace saciona. Munthu akalowa pa intaneti ndi lamya ya m'manja, makampani alemba zimene afunafuna, zimene agula, malo amene ali ndiponso anzace oceza nao. Tizidutswa timeneti atilumikiza kufikira amdziwa munthuyo koposa mnansi wace, ndipo amalonda alipira ndalama kuti zolengeza zao zimfike iyeyo. M'caka ca 2018 kunaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inatenga mbiri za anthu a pa Facebook ofikira 87 miliyoni, ambiri a iwo osapemphedwa, kuti izigwiritse nchito pa ndale za masankho.

Tsopano kwabwera makina oceza ndi anthu, monga ChatGPT amene anaturuka mu November 2022. Makina amenewa ayankha mofatsa usana ndi usiku. Satopa, ndipo saseka munthu. Cifukwa cace ambiri awauza zimene sangauze ngakhale nkhoswe: matenda obisika, ngongole, milandu ya m'banja. Koma mau aja sathera m'lamya ai. Apita ku makompyuta a kampani kutsidya la nyanja, kumene asungidwa, ndipo ngati mwini mau sanakane, ena angathe kuphunzitsidwa nao makinawo. M'caka ca 2023 oyang'anira zinsinsi za anthu ku Italy anatseka ChatGPT pafupifupi mwezi wathunthu cifukwa ca nkhani yomweyi. Caka comweco kampani ya Samsung inaletsa anchito ace makina otere, popeza ena analembamo zinsinsi za pa nchito.

M'Zambia muli lamulo la caka ca 2021 lochinjiriza mbiri za anthu. Lamulolo lipatsa munthu ufulu wakuona zolembedwa za iye, kuzikonzetsa, kapena kupempha kuti zifafanizidwe. Ndi lamulo labwino, komatu madzi akatayika saoleka.

Tsono wanzeru afunse makinawo za ulimi, za masamu a ana, za kalembedwe ka kalata yopempha nchito. Koma nambala ya citupa cace ca boma, nambala yobisika ya ku banki, dzina la mnzace wodwala, zimenezi zikhale mumtima. Mau amene munthu sangawanene pa bwalo la m'komboni, asawalembenso m'makina.