TIYAMBE NDI CITI? MAU A MLEMBI KWA NTHAMBI YA ASOSHOLISTI M'KOMBONI



Pa msonkhano wa mwezi watha munachula mabvuto ambiri: malipiro ocepa, lendi ya nyumba, madzi, mtengo wa ufa, ana athu osowa nchito. Zonsezi nzoona. Koma ife tikali ocepa, ndipo thumba lathu ndi lopepuka. Akulu anati, "Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada." Lero tiyenera kusankha.

Tisanasankhe, tikumbukire anchito a ku migodi. M'caka ca 1935 iwo ananyanyala nchito cifukwa ca kukwera kwa msonkho. Analibe bungwe, ndipo ku Luanshya anthu 6 anaphedwa ndi mfuti. Mu 1940 ananyanyalanso, ndipo ku Nkana anafa anthu 17. Mkwiyo unalipo, koma mkwiyo wokha sunawacinjirize. Mu 1949 anapanga African Mineworkers' Union, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu. Analemba maina, nasonkha ndarama. Mu October 1952 analeka nchito masabata atatu mwa mtendere, atagwirizana pa cinthu cimodzi cokha, ndico malipiro. Mu 1953 malipiro anakwera. Cinasintha nciani? Anthu anamangidwa mtolo umodzi.

Cotero ine ndiika pamaso panu zinthu zinai.

Coyamba, kuyendera anthu. Membala ali yense atenge nyumba khumi za mu mzere wace, adziwe eni ace ndi cimene ciwasautsa. Musalumphe amai a pa msika, alonda a usiku ndi a maganyu; iwonso ndi anchito, ngakhale alibe yunifomu.

Caciwiri, nkhondo imodzi yokha caka cino. Ine nditi madzi. Pa pompi pafika munthu ali yense, wa cipani ciri conse ndi wa chalichi ciri conse. Simunaiwale kolera ya mu Lusaka mu 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Tiwerenge mapompi akufa ndi mabanja omwa pa zitsime zosaya, tilembe pa pepala, tipite nalo kwa khansala ndi ku kampani ya madzi tiri ambiri. Pompi imodzi ikatuluka madzi, anthu adzatikhulupirira pa nkhani ya lendi.

Cacitatu, ndarama. Wopereka ngwee alandire lisiti, ndipo Msungi-cuma awerenge buku poyera mwezi uli wonse. Ndarama ikayenda mu mdima, nthambi imafa ngakhale mdani asanaikhudze.

Cacinai, maphunziro. Theka la ora pa msonkhano uli wonse tiphunzitsane sosholizimu m'cinenero cathu: cifukwa ninji wogwira nchito agona ndi njala, ndipo phindu lipita kwa yani. Ngati simungathe kufotokozera agogo pa pompi, ndiye kuti inunso simunamvetse.

Zina tiziike pambali tsopano lino. Kulimbirana maudindo, ndi kukangana usiku wonse za amene awerenga mabuku ambiri, sikudzaza ndowa ya munthu.

Ikatha miyezi itatu tidzakhalenso pansi, tidzafunsane: nyumba zingati tayendera, mapompi angati akonzedwa, m'thumba muli zingati?

A pa Mpando, ndipempha kuti obvomera akweze manja.