Kufunsa Njira kwa Mulungu ndi Kuyendamo: Mau Olankhulidwa pa Cikondwerero ca Misyoni ya Mvera

 Ine ndine mphunzitsi wa kumudzi cabe, ndipo maphunziro anga ndiwo amene ndinalandira pa sukulu ya Misyoni. Pamene akuru anandiuza kuti ndidzaime pano ndinafuna kukana. Koma ndinakumbuka kuti mau amene ndiri nao ndiwo a kumvera, ndipo sikukadayenera kuti ndiwayambe ndi kukana.

Malo ano dzina lace ndi Mvera. Timalichula masiku onse, polemba kalata ndi pouza mlendo kwathu, kufikira makutu athu analeka kumva cimene dzinalo linena. Lero ndifuna kuti tilimvenso. Cinthu ndadza naco ndi cimodzi: munthu wofunsa njira kwa Mulungu ayenera kuyamba wabvomera mumtima mwace kuti adzayenda m'njira imene adzauzidwa, yankho lisanafike. Akapanda kutero, kufunsa kwace kuli kwa pakamwa pokha.

Tikumbuke poyamba umo Mau anafikira kuno. M'caka ca 1888 Mbusa Andrew Charles Murray anacoka ku Cape, wotumidwa ndi abusa anzace a Mpingo wa Dutch Reformed, amene anasonkha ndalama za m'matumba mwao kuti nchito iyambike. Anafika ku Bandawe kwa Dotolo Robert Laws wa Misyoni ya Livingstonia, ndipo mtima wace unayamba kulinga kumpoto, ku dziko la Ankhonde. Anapita komweko, koma dziko linali losokonezeka ndi nkhondo ya ogula akapolo ku Karonga, ndipo iye mwini anadwala nthenda yaikuru, nabwerera wofoka. Wina akadati, Ndalephera, ndipite kwathu. Winanso akadaumirira kugogoda pa khomo lotsekedwalo. Iye anadikira. M'caka ca 1889 anafika mnzace, Mbusa T. C. B. Vlok, ndipo awiriwo anadza ku dziko la Ciwere, mfumu ya Angoni. Ndipo pa 28 November 1889 anayamba nchito pano pa Mvera.

Kucokera pano nchito inafika ku Kongwe m'caka ca 1894, ndi ku Nkhoma m'caka ca 1896. Pa phiri la Kaso Mbusa William Murray ndi anzace, azungu pamodzi ndi anthu a dziko lino, anagwira nchito yaitali ya kumasulira Buku Lopatulika, limene linaturuka lathunthu m'caka ca 1922. Ndipo m'caka ca 1925 Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza anaikidwa manja, nakhala abusa oyamba a mtundu wathu m'Mpingo wa kuno. Zonsezi zinamera pa malo amene Murray sanawaganizire pocoka kwao.

Cotero cinacitikanso ndi Mtumwi Paulo, monga tiwerenga m'Macitidwe a Atumwi, mutu 16. Anafuna kulalikira ku Asiya, Mzimu anamletsa. Anayesa kulowa m'Bituniya, anamletsanso. Anatsikira ku Trowa, m'mbali mwa nyanja, kumene njira ya pamtunda inathera. Kumeneko anaona usiku munthu wa ku Makedoniya alikumdandaulira kuti aolokere kwao. Ndipo pamene anazindikira kuti Mulungu awaitana, iye ndi anzace sanazengereze, anafuna ngalawa. Onani kuti Paulo anamvera poletsedwa monga momwe anamvera poitanidwa. Ife timakonda kumva kuti, Pita. Koma kumva kuti, Leka, kutiwawa.

Tsono ndinene za mitundu itatu ya anthu amene asocera pa nkhani iyi. Ndipo yense adziyese yekha, asayang'ane mnzace wa pa mphasa.

Oyamba ndiwo osafunsa konse. M'buku la Yoswa, mutu 9, anthu a ku Gibeoni anaopa Aisrayeli, nakonza cenjerero. Anabvala nsaru zakutha ndi nsapato zazigamba, natenga mkate wouma woyanga nkhungu, nanena kuti acokera ku dziko lakutali kudzapangana za mtendere. Akuru a Israyeli anayang'ana mkatewo, nakhulupirira maso ao, osafunsa kwa Yehova. Atapita masiku atatu anamva kuti alendowo ndiwo anansi ao a pafupi. Koma lumbiro linali litalumbiridwa, ndipo silikadatheka kubwezedwa. Makolo athu anati, safunsa anadya phula. Nkhani ikaoneka yobvuta timagwada; ikaoneka yapafupi timati, Iyi ndiitha ndekha. Maukwati ambiri, ndi mangawa ambiri, ndi maulendo ambiri amene tilira nao lero, anayamba tsiku limene tinaona ngati palibe cofunsira.

Aciwiri ndiwo ofunsa atamanga kale katundu. M'buku la Yeremiya, mitu 42 ndi 43, tiwerenga za otsala a Yuda, Yerusalemu atapasuka. Gedaliya, kazembe amene mfumu ya ku Babulo inawaikira, anaphedwa. Ndipo Yohanani ndi anthu ace, poopa kubwezera kwa Akasidi, anasonkhana pafupi ndi Betelehemu, pa njira ya ku Aigupto. Anadza kwa mneneri Yeremiya, nampempha kuti awafunsire kwa Mulungu, nalonjeza ndi mau akuru kuti adzamvera, yankho likhale lokoma kapena lowawa. Yeremiya anadikira masiku khumi. Yankho linadza lakuti akhale m'dziko lao, asaope, Mulungu adzawasunga. Pamenepo anthu omwe aja anati mneneri alikunama, ndi kuti Baruki ndiye wamtuma. Nanyamuka kupita ku Aigupto, natenga ndi Yeremiya yemwe. Anthu awa sanafune njira, pakuti anali ataisankha kale; anafuna kuti Mulungu angoikapo cidindo cace. Kodi sititero ifenso? Mnyamata apempherera ulendo wace cikhalirenico ndalama ya ulendo yalipidwa kale. Namwali afunsa akuru za mwamuna amene anambvomera kale mseri.

Acitatu ndiwo ofunsa zobisika, atasiya zimene anauzidwa poyera. Pano ndinene za ine mwini, ngakhale ndicita nazo manyazi.

Ndiri mphunzitsi wa zaka zocepa, anandiuza kuti ndisamukire ku sukulu ya mudzi wakutali, kumene madzi ali obvuta ndi njira iri yoipa m'dzinja. Nthawi yomweyo mbale wanga analemba kuti wandipezera nchito ya malipiro abwino ku tauni. Ndinapemphera masabata ambiri kuti Mulungu andisonyeze kopita, koma kumwamba kunali zii. Tsiku lina ndinapita kwa mkuru wa Mpingo, nkhalamba imene maso ace anali atayamba kucita khungu, ndi kumfotokozera zonse. Anakhala cete nthawi, kenaka anati, Aphunzitsi, kodi palibe kanthu kamene Mulungu anakuuzani kale, kamene simunacite?

Ndinakwiya mumtima, cifukwa kanthuko kanalipo. Caka ca m'mbuyo mwace, posadzula munda, ndinasuntha malire a pakati pa ine ndi mlamu wanga, ndi kutenga mizere inai ya iye. Anadandaula, koma popeza ine ndinali mphunzitsi ndipo iye anali wosadziwa kulemba, anthu anakhulupirira ine. Kuyambira pamenepo sitinadyere mbale imodzi. Ndipo ine ndinali kuphunzitsa ana Malamulo Khumi m'mawa uli wonse, ndi kudziwa bwino kuti m'Deuteronomo, mutu 19, muli lamulo loletsa kusendeza malire a mnansi. Pa nkhani imeneyi sindinasowe masomphenya kapena loto. Zinalembedwa, ndipo ndinaziwerenga.

Ndinakhala masiku atatu ndikulimbana nazo. Tsiku lacinai ndinapita kwa mlamu wanga, ndi kuitana a mfumu ndi mboni zomwe zija, ndi kunena pamaso pao kuti ndinanama. Ndinabweza mizere, ndi cimanga ca pamenepo. Ena anandiseka, ndipo ana a sukulu anamva. Ulemu wanga unacepa m'mudzi masiku ambiri. Sindikuuzani kuti usiku womwewo ndinamva liu locokera kumwamba, iai. Koma pamene ndinagwadanso kufunsa za ulendo, ndinapeza kuti ndidziwa kale cimene cinandikokera ku tauni: ndinafuna kuthawa nkhope ya mlamu wanga. Cimeneco citacoka, kusankha sikunabvutenso. Ndinapita ku sukulu yakutali ija, ndipo madzi anali obvutadi monga ananena.

Muuni wa paulendo wa usiku suunikira njira yonse kufikira kumudzi; uunikira mapazi ocepa a patsogolo, ndipo ukaponda pamenepo uunikiranso ena. Woima cabe, wakuti, Sindiyenda kufikira ndione njira yonse, adzacezera kuthengo.

Cimene cisowa mwa anthu a mitundu itatu yonseyi ndico kuopa Mulungu. Kuopa kumene ndinena sikufanana ndi kuopa mkango, kumene kuthawitsa munthu. Ndiko ulemu umene uyandikizitsa munthu mogwada. Ife a dziko lino tiudziwa bwino. Wopita kukapempha malo kwa mfumu sayankhula ciriri. Akhala pansi, naomba m'manja, nadikira kufikira mfumu itatha mau ace. Ndipo mfumu ikaloza kuti, Ukalime uko, iye sapita kukalima kwina ndi kubwera ndi nkhuku yopepesera. Mfumu Sauli anatero: anauzidwa cocita ndi Aamaleki, koma anasunga nkhosa ndi ng'ombe zonenepa, nati nza nsembe. Samueli anamva kulira kwa zowetazo, namuuza kuti Mulungu akondwera ndi kumvera koposa ndi nsembe. Ndipo ufumu unamcokera. Ngati tidziwa kulemekeza mfumu ya mudzi, imene idzagona m'manda monga ife, nanga Iye amene anauza Mose kubvula nsapato pa citsamba coyaka moto?

Tsono wofuna citsogozo acite ciani? Ayambe ndi Buku, pakuti zambiri zimene tifunsa zinayankhidwa kale momwemo: za kuba, za bodza, za cigololo, za kukhululukira mbale, za kusamala amasiye. Cimene Buku liletsa, loto silingaciloleze, ngakhale wolotayo akhale wochuka. Apemphere, ndi kunena zoona pamaso pa Mulungu za cimene mtima wace ulakalaka. Afunse akuru oopa Mulungu, makamaka iwo amene sacita mantha kumtsina khutu. Pakuti amene asankha aphungu omgwirizana okha afanana ndi Yohanani. Ndipo adikire, Yeremiya anali mneneri, koma anadikira masiku khumi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndisakunyengeni kuti njira ya kumvera iri yosalala. Paulo anamvera, naoloka nyanja, ndipo ku Filipi anamkwapula ndi kumponya m'ndende. Atumiki ena a Misyoni ino, azungu ndi anthu akuda, anagona m'manda kutali ndi kwao. Ambuye wathu mwini, m'munda wa Getsemane, anapempha kuti cikho cimpitirire, koma anapereka cifuniro cace pansi pa cifuniro ca Atate, napita ku mtanda. Ndipo cipulumutso cathu cinacokera m'kumvera kumeneko. Iye ndiye atikhululukira kusamvera kwathu, ndiponso ndiye atipatsa Mzimu wace kuti tikhoze kumvera.

Abale ndi alongo, lero tayimba ndi kukondwera, ndipo mawa tidzabalalika yense kumudzi kwace. Ndipempha cinthu cimodzi. Musanafunse Mulungu za caka ca mawa, dzifunseni madzulo ano ngati pali kanthu kamene anakuuzani kale: mangawa osabwezedwa, mbale amene simulankhula naye, nkhalamba imene munaiiwala, malire amene munasuntha. Kaciteni kameneko sabata lino. Ndipo inu ana a sukulu, munthu akakufunsani kwanu, mukayankha kuti ku Mvera, kumbukirani kuti mwachula lamulo.

Mulungu wa makolo athu m'cikhulupiriro, amene anatsogolera akapolo ace kufikira pa malo ano, atitsogolere ifenso, natipatse mitima yakumva. Amen.