Mwana Akalephera Mayeso, Ngongole ya Sukulu Itani?

Mau amene mthandizi wa Ofesi ya Zofalitsa Nkhani anayankhula kwa makolo ndi aphunzitsi pa msonkhano ku Chisemphere, m'boma la Kasungu.

Ine ndine mwana wanu, ndipo sindinadze kudzaphunzitsa akulu nzeru iai. Ndatumidwa kudzafotokoza nkhani imodzi yokha, ya ngongole imene Boma libwereketsa ana opita ku Yunivesite, ndi zimene mwana ayenera kuchita kuti thandizoli lisamthawe.

Pamene Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965, ophunzira ake anali 90 okha. Lero sukulu za ukachenjede za Boma zilipo 6: Yunivesite ya Malawi ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS ya zaumoyo, LUANAR ya zaulimi ku Bunda, Yunivesite ya Mzuzu, ndi MUST ku Thyolo. Ana a alimi a fodya akulowa m'menemo pamodzi ndi ana a m'tauni. Koma fizi, mabuku ndi chakudya zifuna ndalama zimene ambiri a ife sitingazipeze. Chifukwa chake m'chaka cha 2015 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa bungwe lotchedwa Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene ntchito yake ndi kubwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa. Ndalama ya fizi ipita ku sukulu komweko, ndipo ya mabuku ndi ya kudya ipita kwa wophunzira.

Tsono pali cholakwa chimodzi chimene makolo ambiri achita. Akamva kuti dzina la mwana latuluka pa ngongole, aganiza kuti nkhani yatha mpaka tsiku lolandira digiri. Si choncho iai. Ngongoleyi saipereka kamodzi kwa zaka zonse 4. Mwana aipempha chaka ndi chaka, ndipo opempha achuluka koposa ndalama zimene zilipo. Ndiponso aipereka kwa munthu amene dzina lake likali m'kaundula wa sukulu. Amene asunga kaundulayo ndi Yunivesite, ndipo Yunivesite iyang'ana chinthu chimodzi, ndicho mayeso. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ngongole ya chaka chino ili pamphuno. Ya chaka chamawa ikali pachala.

Inu alimi mudziwa kale za mtundu uwu wa pangano. Mukatenga feteleza wa ngongole, mlangizi afika kudzaona nazale, afikanso kudzaona munda ndi chigafa. Mukausiya munda m'tchire, chaka chamawa sakupatsaninso, koma ngongole ya chaka chino ikhala ikukudikirani. Ndi mmenenso ziyendera ku Yunivesite.

Sukulu iliyonse ili ndi buku la malamulo ake, ndipo mwana ayenera kuliwerenga sabata yoyamba. Koma njira yake ifanana. Chaka chigawidwa pawiri, ndipo gawo lililonse atcha semesita. Malikisi sachokera ku mayeso otsiriza okha iai. Ena achokera ku mayeso ang'onoang'ono ndi ntchito zolemba za m'kati mwa semesita. Mwana akalephera pang'ono phunziro limodzi kapena awiri, ampatsa mpata wolembanso mayeso ena, amene ophunzira awatcha sapu. Akalephera ochuluka, ambwezera chaka chomwecho. Akalephera kwambiri, kapena akalepheranso atabwereza, amchotsa sukulu. Ophunzira ati wawidedwa, ndiwo mau ochokera ku Chingerezi otanthauza kuzulidwa monga udzu m'munda.

Taonani tsono chimene chichitika ndi ngongole. Wobwereza chaka asadalire kuti amlipirira chaka chimodzimodzicho kawiri, ndipo kumbukirani kuti fizi ya chaka chobwerezacho ifunika yonse. Wochotsedwa alibenso malo, kotero alibenso chopemphera ngongole. Koma ndalama zimene anabwereka kale sizifafanizika chifukwa choti wachotsedwa. Abwera kumudzi wopanda pepala, ali ndi ngongole kumsana.

Musaganize kuti dziko lathu lokha ndilo lili louma mtima. Ku United States lamulo la boma liti wolandira thandizo atsirize maphunziro ake nthawi isanapitirire pa zaka zoikika ndi theka lake, ndiye kuti maphunziro a zaka 4 asapyole zaka 6, ndiponso pofika kumapeto kwa chaka chachiwiri malikisi ake akhale okwanira giredi C. Ku South Africa bungwe la NSFAS lionjezera chaka chimodzi chokha pa zaka zoikika. Kulikonse wopereka ndalama afuna kuona kuti wophunzira akuyenda.

Ine ndinalekeza pa Folomu 4, koma mnzanga amene tinkakhala naye desiki imodzi anasankhidwa, ndipo ngongole anaipeza. Anali wanzeru koposa ine. Mvula itagwa, kwawo anasowa feteleza, ndipo iye mwa chifundo anatumiza ndalama yake ya kudya. Anayamba kulowa m'kalasi ndi njala, masiku ena osalowa n'komwe chifukwa chofuna ganyu. Nthawi yothyola ndi kusoka fodya anamuitana kumudzi, nakhalako masabata 3. Pobwerera anapeza anzake atalemba mayeso ang'onoang'ono. Analephera, koma anachita manyazi osauza makolo. Bambo ake anazimva chaka chachiwiri, mwana atachotsedwa kale. Iwo sanafune kumuononga iai. Sanadziwe kuti masabata 3 aja anali okwera mtengo koposa mabelo onse amene anadinda chaka chimenecho.

Ndiye chifukwa chake ndadza kwa inu makolo, pakuti mayeso alembedwa ku Zomba kapena ku Mzuzu, koma kawirikawiri kulephera kuyambira kuno kumudzi. Ndikupemphani zinthu 5.

Choyamba, musaitane mwana m'kati mwa semesita chifukwa cha ntchito ya fodya. Ndidziwa kuti nthawi yothyola manja achepa, ndipo tsamba silidikira. Koma kulemba waganyu kwa masiku angapo kuposa kutaya chaka cha mwana. Adzakuthandizani pa tchuthi.

Chachiwiri, ndalama ya kudya ndi ya mabuku si ya feteleza, si ya fizi ya mng'ono wake. Ndi yochepa kale, ndipo adzaibweza yekha. Mwana wa ulemu sakana mukampempha, kotero inu ndinu muyenera kudziletsa.

Chachitatu, semesita ikatha, funsani zotsatira. Musakhutire ndi mau oti zayenda bwino. Muuzeni akuonetseni, kaya pa pepala kaya pa foni. Ngati Chingerezi chikuvutani, aphunzitsi athu ali pano akuwerengerani. Ndipo mukaona kuti walephera phunziro, musayambe ndi kukalipa. Mwana woopa abisa, ndipo chobisika sichichiritsika. Sapu si imfa iai, ndi mpata wachiwiri.

Chachinai, matenda ndi maliro zigwa osapangana. Zikagwa nthawi ya mayeso, mwana asangochoka mwakachetechete. Alembere akulu a sukulu kalata, apereke ndi pepala la kuchipatala ngati wadwala. Wodziwitsa ndi umboni angathe kuloledwa kulemba nthawi ina. Wongosowa amwerengera kuti walephera. Chimodzimodzi mwana amene waona kuti sangathe kupitiriza chaka chimenecho apemphe chilolezo chopuma, asathawe.

Chachisanu, mukagulitsa fodya ku Chinkhoma, patulani kandalama musunge. Mwana angafune ndalama ya ulendo wokalemba sapu, kapena ya intaneti yotumizira pempho lake la ngongole, pakuti masiku ano apempha kudzera m'menemo. Mkumbutseni kuti amvetsere chilengezo cha Bungwe chaka chilichonse, asadutsitse tsiku lotsekera.

Kwa inu aphunzitsi ndili ndi mau awiri. Mwagwira ntchito yaikulu pofikitsa ana pa makirediti 6 a mayeso a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, amene ali khomo la Yunivesite. Koma auzeni asanapite kuti kumeneko kulibe belu lowadzutsa, kulibe mphunzitsi woyenda ndi ndodo kufunsa amene wajomba. Ambiri agwa m'chaka choyamba, osati chifukwa cha umbuli, koma chifukwa cha ufulu umene sanauzolowere. Aphunzitseni kuwerenga okha, ndi kupita kwa mphunzitsi msanga phunziro likayamba kuvuta, osadikira sabata ya mayeso. Ndipo akabwera ku tchuthi, aitaneni muwafunse mmene zikuyendera. Mwana amasuka kwa mphunzitsi wake wakale pa zimene achita nazo manyazi kwa atate ake.

Potsiriza ndinene za kubweza. Ngongoleyi iyamba kubwezedwa pakapita zaka 2 munthu atatsiriza maphunziro, ndipo Bungweli likutolera ngakhale ngongole za amene anabwereka kuyambira m'chaka cha 1985. Ndalama zobwezedwazo ndizo zithandiza ana ena obwera m'mbuyo, monga awa ali ku pulaimale lero. Mwana wotsiriza apeza mphamvu yobwezera, ndipo mpando wake utsegulira wina njira. Mwana wochotsedwa avutika yekha, ndipo ndalama imene ikadaphunzitsa mnzake ichedwa kubwera.

Kotero mwana wa kuno akasankhidwa, vinani ndithu, pakuti ndi chinthu chachikulu. Koma gule akatha, khalani naye pansi mupangane: iye asunge mayeso, inu musunge nthawi yake ndi ndalama yake. Amene muli ndi mafunso, ndikhalapo mpaka madzulo.