Injini ya amalume ija yalira: mawu amene ndinalankhula pa msonkhano wa kalabu

Mwandipempha kuti ndilankhule za injini ija mwakhala mukuiona pansi pa mtengo wa mango kwathu kwa miyezi inayi, ena mukumandiseka kuti ndamangira nkhuku khola lachitsulo. Lero ikulira. Koma ndineneretu kuti ine si makaniko. Chaka chatha chomwechi sipanala ya 10 ndi ya 12 sindinkazisiyanitsa popanda kuwerenga nambala.

Galimotoyo ndi Toyota Corolla AE100, ya m'zaka za m'ma 1990, imene amalume ankachitira takisi. Inkamwa oyilo ngati thobwa, kumbuyo utsi wa buluu tolotolo, ndipo pamapeto pake inayamba kuwira. Amalume anati angoigulitsa kwa ogula zitsulo. Ine ndinawachonderera, ndipo tinapangana kuti ikadzuka ndiziiyendetsa n'kumawapatsa gawo lawo, ikakanika ndalama zanga zalowa m'madzi. Ndalamazo ndi zimene ndinapeza poumba njerwa chilimwe chonse, ndiye mukumvetsa chifukwa chake tulo sitinkabwera.

Kuphwasula sikovuta, ngakhale mwana akhoza. Chovuta ndi kukumbukira kuti ichi chinali pati. Madala ena a pagalaja yapafupi ndi kwathu, amene ankandisuzumira madzulo akaweruka, anandiuza kuti ndizijambula pafoni chilichonse ndisanachimasule, mabawuti ndiziika m'timajumbo n'kulembapo. Mavavu ndinawabaya pakatoni motsatana, pisitoni iliyonse ndinailemba nambala ya silinda yake. Zitsekero zimene zimagwira kirankishafuti zimabwerera pamalo pomwe zinachoka, zitayang'ananso komwe zinkayang'ana. Mukazisokoneza, kiranki siizungulira bwino.

Tsopano ndifike pamene ndinapsa, chifukwa ndi chimene ndabwerera pano.

Nditangochotsa mapisitoni n'kuona kuti maring'i atha, mtima unathamanga. M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita kumsika wina wa masipeya, n'kufika pa shopu ina ndi mawu awa okha: “Ndikufuna maring'i a Corolla.” Wogulitsa sanafunse kanthu, anangotambasula dzanja pashelefu n'kundipatsa bokosi. Ndinalipira, ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu. Kuyesa kulowetsa ring'i imodzi m'silinda, nsonga zake zikupitirirana. Ndinayesa ina, chimodzimodzi. Madala atafika anatembenuza bokosi lija n'kuseka mpaka kukhosomola. Panalembedwa 4A.

Anzanga, Corolla ndi dzina la galimoto, si dzina la injini. Ma Corolla a msinkhu umodzi, ooneka chimodzimodzi kunja, ali ndi injini zosiyana. AE100 inatuluka ndi 5A-FE, ya malita 1.5, ndipo silinda yake ndi yotambalala mamilimita 78.7. AE101 wamba ili ndi 4A-FE, ya malita 1.6, silinda yake mamilimita 81. Mukaziyang'ana pamwamba mungalumbire kuti ndi mapasa, koma mamilimita awiri ndi pang'onowo ndi amene anandidyera ndalama ya njerwa zambirimbiri. Nditabweza bokosi, wogulitsa anakana, ati ndatsegula kale ndipo ndapakapo oyilo. Ndinakwiya, komabe poyenda kubwerera ndinavomereza kuti anandipatsa chimene ndinapempha.

Ndiye musanapite kukagula kanthu, pukutani buloko ya injini mupeze pamene anadinda dzina lake, mulijambule. Musadalire mapepala a galimoto okha. Galimoto za zaka makumi atatu ngati izi zambiri zinasinthidwapo injini ndi eni ake akale, ndipo mapepala sanena. Chitsulo chakalecho munyamulenso m'thumba, mukachigundanitse ndi chatsopano pakauntala pomwepo musanatulutse ndalama. Wogulitsa akamanyinyirika, tulukani, mashopu ndi ambiri.

Koma ngakhale ndikanagula a 5A tsiku limenelo, ndikanatayabe ndalama. Madala anandituma kuti nditengere buloko, hedi ndi kiranki kwa anthu a makina oyezera ndi kusema zitsulo. Kumeneko anapeza kuti masilinda anaperepeseka, ndipo anawakuza ndi mamilimita 0.50. Zikatero mumafunika mapisitoni ndi maring'i olembedwa 0.50, osati olembedwa STD, omwe ndi a saizi ya kufakitale. Kiranki anaisema pang'ono, choncho mabering'i ake anakhala a 0.25. Hedi inali itapindika ndi kuwira kuja, anaisalaza. Mwaona ndondomeko yake? Kuphwasula, kutsuka, kuyezetsa, kugula pamapeto. Ine ndinayambira kumchira.

Ena mwandifunsa za masipeya akale, aja amachotsa m'magalimoto ophwasulidwa ochokera ku Japan kapena a ngozi, amene amapezeka ku Ndirande kapena ku Malangalanga ku Lilongwe. Ine sindiwanyoza. Sitata yanga ndi yakale, ndipo ikugwira bwino kuposa zina zatsopano zimene ndaonapo. Alitaneta, ngakhale hedi yathunthu, mukhoza kugula yakale mutaiyesa. Koma gasiketi, maring'i, mabering'i, masilu, lamba wa taimingi ndi fyuluta ya oyilo, izi gulani zatsopano basi. Ndipo chenjerani ndi bokosi lokongola lolembedwa dzina lalikulu pamtengo wa mandasi. Gasiketi ya hedi yotchipa ikaphulika, ntchito yonse mumaiyambanso.

Ndinenenso chilungamo chimodzi chimene amakaniko ena sangakuuzeni. Nthawi zina kugula injini yathunthu yakale kumatchipa kuposa kumanganso yanuyo. Muwerengere zonse musanayambe, ndi thiransipoti yomwe. Ine ndinapitiriza chifukwa ndinkafuna kuphunzira, osati chifukwa masamu anandikomera kwambiri.

Pomanga, ukhondo ndiye mfumu. Mchenga pang'ono pa bering'i, injini yanoka. Ndinayala pepala la pulasitiki, chilichonse ndinkachitsuka n'kuchipaka oyilo watsopano. Mipata ya maring'i isayang'ane mbali imodzi. Mukamanga chitsekero chilichonse, zungulizani kiranki ndi dzanja, ikalimba imani mufufuze. Mabawuti a hedi samangidwa ndi mphamvu za nsima ayi. Ndinabwereka sipanala yoyeza kulimba, ya torque ija, n'kumanga kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, mobwerezabwereza. Lamba wa taimingi nditamuika pa zizindikiro zake, ndinazunguliza injini kawiri ndi dzanja kuti ndione ngati zizindikirozo zabwereranso pamalo. Ndipo chonde, musalowe pansi pa galimoto yoima pa jeke yekha, ikani zochirikiza zolimba. Oyilo wakudayo musathire m'ngalande, ana athu amasewera momwemo.

Tsiku loliza, theka la mudzi linabwera, amalume ali patsogolo manja kumbuyo. Tinayamba tazunguliza injini popanda mapulagi mpaka getsi la oyilo litazima. Kenako ndinabwezera mapulagi, kupotoza kiyi. Phu! Phu! Kuphulika kokhakokha, osalira. Thukuta linatsika mpaka m'nsapato. Madala anangoyandikira mwakachetechete n'kufunsa, “Mphwanga, moto umayenda bwanji?” Ndinayankha kuti 1-3-4-2. Anandilozera mawaya a mapulagi: awiri ndinali nditawasinthanitsa. Titakonza, inalira kamodzi n'kamodzi, ndipo amalume anavula chipewa.

Pano ndikuiyendetsa mofatsa, ndipo oyilo woyamba ndimuchotsa ikakwanitsa makilomita 1,000 monga anandilangizira madala. Loweruka likubwerali ndidzakhala ndikumasula mabuleki akumbuyo, amene akufuna kudetsa manja abwere cha m'ma 8 koloko, atsikana inunso, musangoima patali. Ndipo ngati pali wina amene kwawo kuli Corolla ya 4A, andipeze tikatha pano. Bokosi la maring'i lija likadali pansi pa bedi langa, ndigulitsa motchipa.