Akazi Amasiye a ku Bangladesh ndi Mtengo wa Nchito Yao

 Ndifuna kunena za akazi a dziko lakutali la Bangladesh, popeza nkhani yao ikhudza phunziro lina limene ife timalipeputsa m'sukulu zathu.

M'caka ca 1971 dzikolo linamenya nkhondo miyezi isanu ndi inai kuti lipatuke ku Pakistan. Itatha nkhondoyo, m'midzi munatsala akazi amasiye ambiri-mbiri, ndi ena amene asilikari anawacita zamanyazi, abale ao nawakana. Tsono mwambo wa m'midzi yambiri kumeneko sunali kulola mkazi kukakhala pa msika monga acitira amai athu kuno. Akanadya ciani?

M'caka ca 1973 bungwe lacifundo la Mpingo wa Katolika linayamba nchito yochedwa CORR-The Jute Works. Jute ndi comera ca luzi, comwe cija aombera ziguduli zothiramo cimanga. Akaziwo anali kudziwa kale kuluka ndi luzilo zopacikira miphika ku denga, zimene azicha sika. Kuluka sikunali kwacilendo iai. Cimene anaphunzira ndico kuluka mwa muyeso umodzi, kuti wogula wa kutsidya kwa nyanja akaitanitsa sika zana, zonse zifanane. Anali kulukira pakhomo pao, namasonkhana m'magulu, ndipo ndarama zinali kufika m'manja mwa woluka mwini wace.

Malonda otere Angerezi awacha fair trade, ndiko kuti malonda acilungamo. Mtengo aupangana onse awiri, ndipo wogula angathe kupereka mbali ya ndarama nchito isanathe, kuti mkazi wosauka asakatenge kaloba pogula luzi.

Koma tisanyengedwe. Kampani ya ku Britain yochedwa Traidcraft, imene inayamba m'caka ca 1979 ndipo inagula zoluka za akaziwa zaka zambiri, inagwa m'caka ca 2023. Kuganiza kwanga, cifundo ca ogula akutali si mzati wotsamirapo nyumba yonse. Wogula mmodzi akacoka, mkazi wodziwa kuyesa, kuwerengera luzi ndi masiku amene wagwira, ndi kuchula mtengo mosacita manyazi, angathe kufuna wina. Wodziwa kuluka kokha adikira.

Nanga ife? Mtsikana asoka nsaru yokongola, mphunzitsi ailemba bwino m'buku, naiika m'kabati. Masamu abwera nthawi ina, osakumana konse ndi singano. Ndipempha tsono kuti teremu ikudzayi tiyese ici m'makalasi apamwamba: mwana aliyense akatha kusoka kapena kuluka, alembe mtengo wa nsaru ndi thonje, maora amene anagwira, ndi mtengo umene afuna kugulitsira, nauchule mokweza pamaso pa anzace. Pa msonkhano wotsatira tidze ndi mabuku a anawo, tidzaone pamodzi ndi angati anaiwala kuwerengera maora ao.