Mwana Wopunduka ndi Nchito za Pamudzi

Mundilole ndinenepo mau pang'ono pa za ana opunduka a m'midzi mwathu.

M'kalasi langa muli mtsikana amene dzanja ndi mwendo wa kumanja zinalefuka atadwala malungo aakulu ali wamng'ono. Ku cipatala anampatsa njinga ya opunduka, namuonetsa zocita zolimbitsa zala. Patapita miyezi iwiri ndinapita kukamzonda kwao. Njinga ija ndinaipeza pansi pa nkhokwe, pakuti njira ya ku sukulu iri ya mcenga, ndipo khomo la nyumba yao liri lopapatiza. Zolimbitsa zala zija anali atazileka, cifukwa amai ace pocokera kumunda amapeza mtondo ndi citsime ziri kuwadikira.

M'zipatala zina muli anthu ophunzira nchito yochedwa occupational therapy. Iwo afunsa kuti: Kodi munthuyu adya bwanji? Abvala bwanji? Apita bwanji ku cimbudzi? Mankhwala ao ndiwo nchito za tsiku ndi tsiku. Koma anthu otere ali owerengeka m'Zambia muno, ndipo midzi yathu iri kutali nao. Tsono nzeru yaoyo tiyenera kuibwereka ife amene tidziwa mudzi.

Ndinapangana ndi amai aja kuti mwanayo azikhala nao pamphasa pokonola cimanga ndi posenda nshawa, dzanja lofooka ligwirize, lamphamvu licite nchito. Motero zala ziri kulimba popanda kutaya nthawi ya munthu ali yense. Atsibweni ace anazika mitengo iwiri yogwirira m'cimbudzi, nakulitsa khomo la nyumba.

Miyambo yathu nayo tiipenye bwino. Mwanayu anali ataleka kudya pamodzi ndi anzace, pakuti akulu anali kumdzudzula podya ndi dzanja lamanzere. Ndinakagwada kwa agogo ace ndi kuwafotokozera. Iwo atabvomera, pakhomo ponse panakhala cete. Koma mwambo wolandira cinthu ndi manja awiri tinausunga, cifukwa uutsa dzanja lofooka lija kambirimbiri pa tsiku.

Za pa sukulu ziri m'manja mwathu. Khomo la kalasi likhale la masentimita 90, kuti njinga ilowe. Pa khonde tiundepo dothi lotsetsereka pang'onopang'ono: pokwera phazi limodzi, utali wace ukhale mapazi 12. Mwana wotere akhale pafupi ndi khomo, ndipo asasowe nchito posesa ndi pa munda wa sukulu, ngakhale ikhale yogawa mbeu.

Nkhani iyi si yacilendo kwa ife. Pa Magwero, kufupi ndi Chipata, amishoni anayamba kuphunzitsa osaona m'caka ca 1905, ndipo m'caka ca 2012 Boma linaika lamulo loteteza anthu olumala, lonena za maphunziro ao omwe. Koma lamulo silingathe kukulitsa khomo la ku mudzi kwanu. Acita zimenezo ndi munthu wa nkhwangwa.

Pempho langa ndi limodzi. Teremu isanathe, yense wa ife afunse amfumu za mwana amene abindikira m'nyumba cifukwa ca kupunduka, ndipo apite yekha kukaona njira, khomo, cimbudzi ndi mphasa ya pakhomopo. Akulu anati, lungalunga n'pobadwa, cilema cicita kudza. Khomo limene tilikulitsa lero, mwina tidzalowerapo ndife mawa.