Sikelo Ikakana Kutsika

Lero tikambe za thupi. Inde, thupi lomweli.

Alipo ena pakati pathu amene adokotala anawauza kuti, "Bambo, mayi, BP yakwera, shuga wayandikira, chepetsani thupi." Anamvera. Mang'ina anasiya, chipisi anasiya, m'mawa uliwonse amayenda ndawala. Patha miyezi itatu, kukwera pa sikelo, makilo awiri okha ndiwo achoka. Mtima wagwa. Ena ayamba kale kufunsa mtengo wa tiyi uja amatsatsa pa Facebook. Mbale wanga, imani kaye mundimvere.

Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga mphamvu zokwana makalori pafupifupi 7,700. Kuyenda ndawala kwa mphindi 30 kumatentha makalori 150 kapena kuposerapo pang'ono. Werengani nokha. Kudalira kuyenda kokha, kilo imodziyo ingakutengereni masiku ngati 50! Komanso thupi likamachepa, limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu zochepa, n'chifukwa chake mwezi woyamba zimathamanga, wachitatu zimakwawa. Simunalodzedwe ayi. Ndi mmene thupi limagwirira ntchito.

Ndiye mukuti makilo ochepawo n'ngachabe? Mu 2002 kafukufuku wa Diabetes Prevention Program wa ku America anaonetsa izi: anthu amene anali pafupi kudwala shuga anauzidwa kuchotsa magawo 7 pa 100 a kulemera kwawo, n'kumalimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata. Chiopsezo cha shuga chinatsika ndi magawo 58 pa 100. Kwa munthu wa makilo 90, amenewo ndi makilo 6 basi. Mwamva? Makilo 6!

Koma tiyeni tinene zoona, pali zina timabisa. Dzuwa la ku Balaka tonse tikulidziwa. Masana khosi lauma, botolo la Coca-Cola lozizira lakwera. Botolo lija la 300ml muli shuga wokwana timasupuni pafupifupi 8. Kuyenda konse kwa m'mawa kwathera pompo. Tiyi timasupuni tinayi, thobwa nalo tathiramo shuga. Wina akuti, "Ine ndinasiya ufa woyera, ndikudya mgaiwa." Mwachita bwino, koma mitanda isanu ya mgaiwa ndi mitanda isanu ndithu. Chepetsani mitanda, chulukitsani nkhwani ndi bonongwe, usipa kapena matemba pambali, mafuta pang'ono.

Sikelo nayonso imanamiza. Mukadya zamchere wambiri, kapena amayi akayandikira kusamba, thupi limasunga madzi, kilo yathunthu imatha kuoneka ngati yabwerera. Pitani kwa atelala mukabwereke tepi. Yezani mimba chapamchombo kamodzi pamwezi. Isafike theka la msinkhu wanu. Nthawi zina sikelo yaima koma lamba akusuntha bowo.

Tsopano mawu kwa inu amene mukumwa mankhwala. Kuyambira 2019 anthu ambiri a pa ma ARV m'dziko muno analandira mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo ena amanenepa nawo. Jakisoni wakulera wa Depo nayenso amatero kwa amayi ena. Chonde, chonde, musasiye mankhwala chifukwa cha sikelo. Kakambiraneni ndi a chipatala, kaya ku Machinga District Hospital pa Liwonde, ku Balaka District Hospital kapena ku chipatala chaching'ono cha kwanuko.

Ndipo ife enafe tisiye miseche. Kwathu kuno munthu akanenepa timati zikuyenda, akachepa pang'ono tayamba kunong'onezana kuseri kwa tchalitchi. Alipo amayi amene anasiya kuyenda m'mawa poopa pakamwa pa anzawo. Komabe thupi likamatha lokha mwachangu musanasinthe kadyedwe, pamodzi ndi ludzu losatha, chifuwa chosamva mankhwala kapena thukuta la usiku, kumeneko si kopambana ayi, thamangirani kukayezetsa.

Ndimalize ndi kusala kudya, poti ena mwandifunsa. Kusala kuli ndi cholinga chake, musakusandutse mankhwala ochepetsera mimba. Mukadzikhaulitsa masiku atatu, chimene chimachoka kwambiri ndi madzi, ndipo pomasula mumadya ngati dzombe. Ngati mukumwa mapiritsi a shuga kapena mumabaya insulin, musayambe kusala musanafunse adokotala, chifukwa shuga atha kutsika mpaka kukomoka.